Chakomera yani? Liwu la convenience ndi mbiri ya Lusaka

Pamalo ambiri othira mafuta a galimoto mu Lusaka, kaya ndi ku Woodlands, ku Kabulonga kapena m'mbali mwa Great East Road popita ku Chelstone, pamakhala kasitolo kowala mpaka usiku, kamene eni ake amakatcha convenience store. Liwu lomweli limabweranso m'makalata a m'maofesi pamene akukupemphani kuti mufike at your earliest convenience, ndiponso pa zidziwitso za madzi ndi malaiti, zimene sizitha popanda kupepesa chifukwa cha inconvenience. Taliona kambirimbiri moti tinaleka kulifunsa kwawo. Komatu mlendo akakhalitsa pakhomo, ndi bwino kudziwa mtundu wake, makamaka mlendo amene wakhala akulowerera pa kamangidwe ka mzinda wathu kuyambira tsiku limene unasankhidwa kukhala likulu.

Kwawo kwa liwuli ndi ku Chilatini, chinenero cha Aroma akale. Lili ndi magawo awiri: con, kutanthauza pamodzi, ndi venire, kubwera. Choncho convenire kunali kubwera pamodzi, kukumana, kusonkhana. Anthu akakumana n'kumvana, Aroma ankagwiritsa ntchito mneni yemweyo. Zinthu ziwiri zikakumana n'kuyenerana, monga mpini ndi khasu kapena mphika ndi chivundikiro chake, analinso mneni yemweyo. Kuchokera pamenepo panabadwa dzina lakuti convenientia, kugwirizana kapena kuyenerana. Onani kuti m'tanthauzo loyambali mulibe za kupepukidwa kwa munthu mmodzi. Pamafunika mbali ziwiri, ndipo zonse ziwiri ziyenera kufika pamalo amodzi.

Abale ake a liwuli ali ponseponse mumzinda muno, kungoti sitiwazindikira nkhope. Convention ya chipani ndi msonkhano. Convent ya masisitere ndi malo amene anthu anabwera kudzakhala pamodzi. Covenant ya m'tchalitchi ndi pangano, ndipo inadzera ku Chifalansa. Muzu wa venire ulinso mu Independence Avenue, pakuti avenue ndi njira yofikira pamalo, ndiponso m'dzina la mpingo wa Adventist, wa anthu oyembekeza kubwera. Ngakhale a Zambia Revenue Authority ndi a m'banja lomweli: revenue ndi chobwerera, ngakhale kuti wolipira msonkho amangoona ndalama ikupita.

Liwuli linalowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 lili ndi tanthauzo lake lakale la kugwirizana ndi kuyenera. Linayamba kupendekeka pang'onopang'ono. Chakumapeto kwa m'ma 1600 linkatanthauzanso chipangizo chilichonse chofewetsa moyo, ndipo pofika kumayambiriro kwa m'ma 1700 linali litafika pa tanthauzo limene tikulidziwa lero: chimene sichindivutitsa ine, chimene chagwera pa nthawi yanga ndi pamalo anga. Mbali yachiwiri ija inazimiririka. Tanthauzo lakale linatsalira m'mawu ochepa, monga marriage of convenience, ukwati wopanda chikondi umene mbali zonse ziwiri zikupezapo kanthu. Ife tinauona m'ndale mu Disembala 1962, pamene UNIP ya Kenneth Kaunda ndi African National Congress ya Harry Mwaanga Nkumbula, zipani zimene zinali zitang'ambana zaka zinayi m'mbuyomo, zinagwirana manja kuti zipange boma.

Mutafunsa anthu pa Kulima Tower kuti convenience m'Chinyanja n'chiyani, mayankho angachuluke. Wina angati chapafupi, wina chosavuta, wina chopepuka, wina chachidule, wina chothandiza. Ena amaona ngati kumeneku n'kusauka kwa chinenero chathu. Ine ndiona mosiyana. Chingerezi chinaumba dzina limodzi loima palokha, lopanda mwini, moti munthu angalilembe pachikwangwani osanena kuti wapindula ndani. Chinyanja chimakonda mneni, ndipo mneni wake amafuna munthu. Timati chandikomera, chawakomera, njira yatifupikira, ntchito yamupepukira. Kachidutswa kameneka ka -er- kapena -ir- kamakoka funso pambuyo pake ngati ngolo: chakomera yani? Makolo analidziwa funsoli, n'chifukwa chake anati zimakomera mbuzi kugunda galu. Ndi funso limeneli tingawerenge mapu a Lusaka.

Mzinda uno unayamba ngati chinthu chothandiza anthu a njanji. Mu 1905, pamene njanji yochokera ku Livingstone inkalowera kumpoto ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, omanga ankaika popatukira sitima pa mamailosi pafupifupi 20 aliwonse. Pamodzi mwa malo amenewa panagwera pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, m'dziko la Asoli ndi Alenje. Panabwera alimi achizungu, ambiri a iwo Mabunu, panabwera amalonda, ndipo mu 1913 kamudzi ka pasiteshoni kanapatsidwa bungwe lokayang'anira. Palibe amene anasankha malowo chifukwa cha kukongola. Panali pathyathyathya, pamwamba pa mwala wa laimu, fumbi m'chilimwe, matope ndi madzi osefukira m'dzinja.

Likulu la Northern Rhodesia linali ku Livingstone, kotentha, kumalire akummwera, kutali ndi migodi ya mkuwa imene inkatsegulidwa chakumapeto kwa m'ma 1920, kutalinso ndi Fort Jameson, Chipata wa lero. Bwanamkubwa James Maxwell anafuna malo ena, ndipo katswiri wa kamangidwe ka mizinda wa ku London, Stanley Adshead, anaitanidwa. Mu 1931 chisankho chinagwera pa Lusaka, ndipo boma linasamuka mu 1935. Chifukwa chachikulu chinali chakuti pano pali pakati, pa njanji, pamene msewu wopita kumpoto ndi wopita kummawa zimakumana. Apa ndiye tanthauzo lakale la Chilatini linagwira ntchito ndendende: Lusaka ndi malo a convenire. Ngakhale chinenero chimene tikulemberachi chinafika ndi kukumanako, chinatsika ndi Great East Road pamilomo ya anthu a kummawa odzafuna ntchito, ndiponso ya apolisi ndi asilikali amene Chinyanja chinali chinenero chawo cha ntchito.

Koma misewu itakumana, anthu sanaloledwe kukumana. Adshead anajambula mzinda wa minda ndi mitengo, ndipo P. J. Bowling anaukonzanso. Maofesi a boma ndi nyumba ya bwanamkubwa anaziika pa Ridgeway, pamtunda kummawa kwa njanji, pamene madzi a mvula sakhalitsa ndipo mphepo imapita bwino. Nyumba za Azungu zinafalikira mbali yomweyo, ndipo m'zaka zotsatira zinafika ku Woodlands ndi ku Kabulonga, pa mapuloti aakulu amene mpaka lero timawatcha kumayadi. Amwenye anapatsidwa malo awo a malonda ku Kamwala. Munthu wakuda, pa mapu amenewa, anali wantchito chabe. Ankafunika pafupi kuti madzi osamba a bwana atenthe m'mamawa, koma osati pafupi kwambiri moti n'kukhala mnansi. Kanyumba ka wantchito kuseri kwa yadi ndiko kanathetsa vutolo, ndipo amene akufuna kudziwa moyo wa m'tinyumba timeneto angawerenge buku la Karen Tranberg Hansen la mu 1989, Distant Companions. Dzina la bukulo lokha likunena zonse.

Antchito a boma ndi a makampani anawamangira ku Kabwata. Amene anafikapo ku Kabwata Cultural Village, pa Burma Road, waona nyumba zozungulira zofolera ndi udzu mmene lero mukugulitsidwa ziboliboli, ng'oma ndi madengu. Alendo ambiri amaganiza kuti ndi chithunzi cha mudzi wamakolo. Ayi. Ndi zotsala za nyumba mazana angapo zimene boma la atsamunda linamanga m'ma 1930 ndi m'ma 1940, ndipo zambiri zinagwetsedwa m'ma 1970 kuti pamangidwe mafulati. Nyumba iliyonse inali chipinda chimodzi, chomangidwira mwamuna wobwera yekha. Mkazi ndi ana ankayenera kutsala kumudzi, kulima ndi kudzidyetsa, kuti malipiro a mwamunayo asakwere. Nyumba inkayendera ntchito: ntchito ikatha, nyumba yatha, ndipo chitupa chako chinkakuuza kuti ubwerere kwanu. Ukakalamba kapena kudwala, mudzi ndiwo unkakusenza. Kwa wolemba ntchito, dongosolo limeneli linali lopepuka kwambiri. Mtolo wake unkasenzedwa ndi mayi wa ku Petauke kapena ku Katete amene sanaupondepo mzindawo.

Lamulo la nyumba za anthu akuda la mu 1948 ndilo linavomereza kuti wantchito wokwatira akhale ndi banja lake m'tauni, ndipo Chilenje ndi Matero zinakula m'nyengo imeneyo. Koma nyumba sizinakwanepo. Otsala anakachita lendi pa mafamu ndi pa misasa ya makontilakita, ndipo maina a makomboni athu amasungabe mbiriyo: George, John Laing, John Howard, Marrapodi. Tayang'anani mapu a lero. Kuseri kwa Kabulonga kuli Mtendere ndi Kalikiliki. Mbali ya Leopards Hill Road kuli Bauleni. Pambali pa Chelstone pali Kamanga. Sizinangochitika. Yadi imafuna komboni pa mtunda woyendeka ndi miyendo, ndipo m'mamawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke bwino, mzera wa anthu ophika, ochapa, olima maluwa ndi olondera umatuluka m'makomboni amenewa kulowera kumageti.

M'tauni mwenimweni, pa Cairo Road ndi misewu yoyandikana nayo, masitolo ambiri a Azungu ankafuna ndalama ya munthu wakuda koma osati thupi lake. Anaboola kawindo kumbali kapena kuseri, ndipo Mwafirika ankagulira pamenepo, ataima pamzera padzuwa, kulandira chimene wapatsidwa popanda kusankha. M'mabutchala zinali zoipa koposa, pakuti nyama ya pakawindo inali yotsala, yokulungidwa kale. Mu 1954 Congress, Nkumbula ali mtsogoleri ndipo Kaunda ali mlembi wamkulu, inauza anthu mu Lusaka kuti aleke kugula m'mabutchala amenewa. Kaunda ankanena m'zaka zake zonse kuti nkhanza za pakawindo ndizo zinamuleketsa kudya nyama. Kawindo kaja kanali chipangizo chofewetsa moyo monga mmene Angerezi a m'ma 1600 ankanenera, koma moyo wa ogula a mkati okha.

Pali tanthauzo lina la liwuli limene Angerezi analipanga chifukwa cha manyazi. Posafuna kutchula chimbudzi, anayamba kunena public convenience. Pa chionetsero chachikulu cha mu 1851 ku London, George Jennings anaika zimbudzi zogujumula zimene anthu ankalipira peni imodzi kuti alowe, ndipo anthu oposa 800,000 analipira. Chimbudzi cholipira cha pa City Market kapena pa Intercity chili ndi agogo ake kumeneko. Koma kwa Lusaka nkhani ya chimbudzi si yoseketsa. Mwala wa laimu umene uli pansi pathu uli ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo kumadzulo ndi kummwera kwa mzinda madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Kumene mapaipi a zonyansa sanafike, chimbudzi chokumba ndi chitsime chosazama zimamwa m'mbale imodzi. Adshead ndi anzake anathawira pamtunda ndi maofesi awo, ndipo m'chigwa chimene anachikana ndimo munadzakhala Kanyama, Misisi ndi Chawama. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 inagwira anthu oposa 5,000, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala. Linasandukanso chipatala mu Januwale 2024. Matenda amenewa amatsata mapu a mu 1931 mokhulupirika kuposa mmene omanga nyumba anawatsatira.

Ufulu wa mu 1964 unachotsa chitupa, ndipo anthu anakhamukira mumzinda. Khonsolo inamanga nyumba ku Libala, ku Chilenje South ndi ku Chelstone. Mu 1970 malire a mzinda anakulitsidwa kufika pa masikweya kilomita 360, ndipo lamulo la mu 1974 linavomereza kuti makomboni ena akonzedwe m'malo mogwetsedwa. Nyumba ya ku Chelstone inali ndi mpopi ndi chimbudzi chake, chinthu chimene makolo a ku Old Kabwata ankangochilota, koma inali kutali ndi tauni, ndipo moyo wa mwini wake unadalira basi ya UBZ. Boma la UNIP linayesa kubwezera liwu lija ku tanthauzo la onse pamodzi. Pambuyo pa zosintha za ku Mulungushi mu 1968 malonda aakulu analowa m'manja mwa boma, ndipo masitolo monga ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni ankagulitsa pa mitengo yoikidwa ndi boma. Mtengo wa mkuwa utagwa m'ma 1970, mashelefu anayamba kuyera. Amene anakula m'ma 1980 amakumbukira mizera ya unga, saladi, sopo ndi shuga, ndiponso makuponi a unga a mu 1989. Khomo linali lotseguka kwa aliyense tsopano, koma mkati munalibe kanthu. Mu Juni 1990 mtengo wa unga utakwera, Lusaka anawira, ndipo chaka chotsatira UNIP inachoka m'boma.

Tsopano tibwerere ku kasitolo kowala kaja. Mawu akuti convenience store anafala ku America m'ma 1960, koma malondawo anayamba kale. Mu 1927 ku Dallas, kampani yogulitsa madzi oundana ya Southland inayamba kugulitsanso mkaka, buledi ndi mazira pa nthawi imene masitolo ena anali otseka, ndipo mu 1946 masitolo ake anatchedwa 7-Eleven chifukwa ankatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 11 koloko usiku. Nzeru yake inali yakuti munthu amalolera kulipira zambiri pang'ono kuti apeze chinthu pafupi ndiponso pa nthawi yake. Nzeru imeneyi Lusaka sanaiphunzire ku Dallas. Kantemba ka pakona, ka malata ndi matabwa, kamatsegula m'bandakucha n'kutseka anthu akagona. Kamagulitsa dzira limodzi, ndudu imodzi, saladi wa m'kapulasitiki, sopo wodula pakati, ndi pamela, kaunga kongokwana nsima ya tsiku limodzi. Ndipo kamachita chimene sitolo ya pamalo othira mafuta singachite: kamakongoza. Mwini kantemba amadziwa kuti bambo a pa nyumba yachitatu amalandira pakutha pa mwezi, amadziwa kuti kwa amake uje kuli maliro. Wogula ndi wogulitsa amakumana, amamvana, amayenerana. Ngati pali malo mu Lusaka pamene convenientia ya Aroma idakali moyo, ndi pakawindo ka kantemba, kawindo kamene nthawi ino aliyense amaimapo mofanana.

Tisakakometse mopitirira. Woguliratu thumba la makilogalamu 25 amalipira zochepa pa kilogalamu kuposa wogula pamela tsiku ndi tsiku. Wosauka amagula modula chifukwa chakuti ndi wosauka, ndipo chapafupi chake chili ndi msonkho umene sulembedwa paliponse.

M'zaka za Frederick Chiluba zinthu ziwiri zinakula limodzi. Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road mu 1995, itagula nyumba zina zimene kale zinali masitolo a boma. Tuntemba natonso tinadzaza misewu ya m'tauni, pakuti anthu ochotsedwa ntchito m'makampani a boma analibe kwina kolowera. Chiluba anaika ofesi yoona za ogulitsa m'misewu ku State House komwe, ndipo anthu anayamba kuwatcha ogulitsawo office of the president. Koma mu Epulo 1999 apolisi ndi antchito a khonsolo anagwetsa tuntemba ta m'tauni, ndipo chaka chomwecho Manda Hill inatsegulidwa, ndi malo ake aakulu oimikapo galimoto. Arcades inatsatira mu 2003, Levy Junction mu 2011, ndipo lero Woodlands ndi Kabulonga zili ndi mamolo awoawo. Mu Januwale 2018, kolera ili pakati, asilikali anachotsanso ogulitsa m'misewu. Amachotsedwa, amabwerera, amachotsedwanso. Chifukwa chake n'chosabisika. Kwa woyendetsa galimoto pa Lumumba Road, mayi wogulitsa tomato ndi chopinga. Kwa wotsika basi amene watsala ndi mphindi zochepa kuti akwere ina ya ku Chelstone, mayi yemweyo ndiye msika wonse. Misika yomangidwa bwino imakhala ndi matebulo opanda anthu pamene panja pali podzaza, pakuti malonda amatsata mapazi. Milatho yodutsa pamwamba ya ku Arcades, Munali, Longacres ndi Makeni inafupikitsa ulendo wa galimoto, koma anthu ambiri a mumzinda uno, umene kalembera wa mu 2022 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, amayenda pansi kapena pa minibasi.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa mbali ina ya liwuli, ija yokhala ndi in- kutsogolo. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko. Madzi a ku Kariba anatsika mpaka makina amodzi okha mwa asanu ndi amodzi a mbali ya Zambia ndiwo anatsala akuzungulira, ndipo malo ambiri ankakhala maola 21 pa tsiku opanda malaiti. Chidziwitso chopepesa chinali chimodzi kwa onse, mawu omwewo pa foni ya ku Kabulonga ndi pa foni ya ku Kabwata. Usiku wokha ndiwo unali wosiyana. Kumayadi kunkalira majenereta ndipo madenga anadzaza masola. M'makomboni mtengo wa malasha unakwera, ometa tsitsi ndi ogulitsa nkhuku za m'firiji anataya malonda. Ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, owotcherera zitsulo anasintha tulo: malaiti akabwera pakati pa usiku, ankadzuka n'kuyatsa makina, kuti mageti ndi mafelemu a mawindo amene anaitanitsidwa kumayadi akhale atatha kusanache.